Wapampando wa Bungwe Loona za Ufulu wa Anthu mu Zambia: Oyenera Udindowu ndi Kasankhidwe Kake

Bungwe la Human Rights Commission ndilo linapatsidwa udindo ndi malamulo aakulu a dziko la Zambia woonetsetsa kuti ufulu wachibadwidwe wa munthu aliyense ukulemekezedwa ndi kutetezedwa. Likulu lake lili mu mzinda wa Lusaka, pa msewu wa Independence Avenue, ndipo anthu a m'chigawo cha Kum'mawa amathandizidwa ndi ofesi ya ku Chipata. Mtsogoleri wa bungweli ndi wapampando, amene amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko ndi kuvomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo.

Anthu wamba saponya voti posankha wapampandoyu, koma ntchito yake imafika mpaka pa Msika wa Lundazi, mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata. Mayi wogulitsa nshawa atalandidwa malo ake chifukwa cha chipani chimene amachikonda, kapena mnyamata wonyamula katundu pa njinga atagonekedwa m'chitokosi cha apolisi masiku ambiri osaonekera kukhoti, onsewa ali ndi ufulu wopereka dandaulo ku bungweli. Madandaulo otere kawirikawiri amakhudza boma lenilenilo kapena antchito ake. Nchifukwa chake pamakhala funso lakuti, kodi munthu woikidwa pampando ndi boma angathe kulidzudzula bomalo? Malamulo onena za oyenera udindowu ndi kasankhidwe kawo anakonzedwa pofuna kuyankha funso limenelo.

Chiyambi cha bungweli

Dziko la Zambia litabwerera ku ndale za zipani zambiri m'chaka cha 1991, panali madandaulo ochuluka a anthu amene anamangidwa popanda mlandu kapena kuzunzidwa m'manja mwa achitetezo. M'chaka cha 1993 mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Frederick Chiluba, anakhazikitsa komiti yofufuza nkhanizi motsogozedwa ndi loya, a Bruce Munyama. Komitiyo inamva maumboni okhudza nthawi ya chipani chimodzi komanso zaka zoyamba za boma la MMD, ndipo inalangiza kuti pakhale bungwe lokhazikika loona za ufulu wa anthu. Komiti ina younika malamulo aakulu a dziko, yotsogozedwa ndi a John Mwanakatwe, inaperekanso maganizo omwewo.

M'chaka cha 1996 malamulo aakulu anasinthidwa ndipo bungweli linalembedwamo. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo nambala 39 la 1996, lofotokoza za mamembala, mphamvu ndi kayendetsedwe ka bungweli. Ntchito inayambika m'chaka cha 1997. Malamulo aakulu atasinthidwanso m'chaka cha 2016, bungweli linaikidwa pa ndime 230. Kenaka m'chaka cha 2024 aphungu anavomereza lamulo latsopano, nambala 4 la 2024, limene linalowa m'malo mwa lamulo la 1996. Mphamvu yosankha wapampando inakhalabe m'manja mwa mtsogoleri wa dziko, ndipo mphamvu yovomereza inakhalabe m'manja mwa aphungu.

Ntchito imene wapampando amatsogolera

Malingana ndi ndime 230, bungweli liyenera kufufuza ndi kupereka malipoti a mmene ufulu wa anthu ukulemekezedwera, kuchitapo kanthu kuti wolakwiridwa athandizidwe, kuyanjanitsa otsutsana mwa kukambirana, kuchita kafukufuku, ndi kuphunzitsa anthu za ufulu wawo. Ndime yomweyi ikunena kuti bungweli likhale ndi maofesi m'zigawo, ndipo pang'onopang'ono lifike m'maboma aang'ono. Ndime 241 ikulipatsa mphamvu yoyambitsa lokha kafukufuku popanda kudikira dandaulo, kulemba antchito ake, ndi kupereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo chaka ndi chaka. Kuyambira pachiyambi, bungweli lakhala likuyenderanso ndende ndi zitokosi za apolisi kuti lione mmene omangidwa akusungidwira.

Maufulu amene bungweli limateteza alembedwa m'gawo lachitatu la malamulo aakulu. Ena mwa iwo ndi ufulu wokhala ndi moyo, wosamangidwa popanda chifukwa, wosazunzidwa, wosalandidwa katundu mopanda lamulo, wolankhula zakukhosi, wosonkhana ndi ena, ndi wosasankhidwa chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena maganizo a ndale. Riferendamu ya pa 11 Ogasiti 2016, imene inafuna kuonjezera maufulu okhudza chuma ndi umoyo wa anthu, sinafike pa chiwerengero cha mavoti chimene lamulo limafuna, choncho gawoli silinasinthe.

Wapampando sagwira yekha ntchito zonsezi. Mutu umodzi susenza denga: amakhala ndi wachiwiri wake ndi makomishonala ena, pamene ntchito za tsiku ndi tsiku zimayendetsedwa ndi mkulu wa ofesi pamodzi ndi ofufuza ndi maloya olembedwa ndi bungwelo. Koma wapampando ndiye amatsogolera misonkhano imene imagamula zoyenera kuchita, ndiponso ndiye pakamwa pa bungweli pamaso pa boma, pa Nyumba ya Malamulo ndi pa mayiko akunja. Wapampando akakhala wamantha, malipoti a ofufuza amangogona m'kabati.

Zoyenereza za membala aliyense

Ndime 240 ya malamulo aakulu ikutchula zinthu zimene munthu ayenera kukwaniritsa asanaikidwe m'bungwe lililonse lokhazikitsidwa ndi malamulowa. Wapampando wa Human Rights Commission nayenso ayenera kuzikwaniritsa.

Choyamba, akhale nzika ya Zambia ndipo akhale wokhazikika m'dziko muno. Chachiwiri, asakhale woti m'zaka 5 zapitazo anagwira ukaidi wa zaka 3 kapena kuposerapo, ndiponso asakhale pa chilango cha kundende pa nthawi yosankhidwayo. Chachitatu, aulule chuma chake ndi ngongole zake monga mmene lamulo likunenera. Chachinayi, akhale woti analipira misonkho yake, kapena anagwirizana ndi otolera misonkho za mmene adzalipirire. Chachisanu, asakhale ndi vuto la m'thupi kapena la m'maganizo limene lingamulepheretse kugwira ntchitoyo. Pamwamba pa izi, akwaniritse zoyenereza zina zimene Nyumba ya Malamulo yaika m'lamulo la bungwelo.

Mfundo youlula chuma ili ndi cholinga chodziwika. Munthu amene chuma chake chinalembedwa tsiku lolowa ntchito amavutika kubisa chuma chimene wachipeza mwachinyengo ali paudindo. Mfundo ya misonkho nayo ndi yosavuta kumva kwa wamalonda amene amalipira msonkho wa pamsika ku khonsolo: woyang'anira ena kuti atsate lamulo ayambe ndi iye kulitsata.

Palinso ndime 216, imene ikunena za khalidwe la bungwe lonse. Bungwe limvere malamulo okha basi, lisalamulidwe ndi munthu kapena ofesi iliyonse, lisakhale kumbali ya chipani, lisakondere, ndipo ligwire ntchito mwaulemu, mwaukatswiri ndi mokhulupirika. Izi zikutanthauza kuti wapampando akangolumbira, amene anamusankha alibenso mphamvu yomuuza mlandu woti afufuze kapena woti ausiye.

Chifukwa chofunira katswiri wa zamalamulo

Lamulo la 1996 linanena kuti bungweli likhale ndi wapampando, wachiwiri wake, ndi makomishonala ena osapitirira 5. Linanenanso kuti wapampando ndi wachiwiri wake akhale anthu amene anakhalapo oweruza milandu m'makhoti aakulu, kapena amene ali oyenera kuikidwa pa udindo wotero. Makomishonala enawo sanafunikire kukhala maloya, ndipo pa mipando imeneyi pakhalapo atsogoleri a mipingo ndi anthu ochokera ku mabungwe omwe si a boma.

Kuti munthu amvetse tanthauzo la kukhala woyenera uweruzi, ayenera kuona ndime 141 ya malamulo aakulu. Ndimeyi ikufuna munthu wa mbiri yokhulupirika amene wagwira ntchito ya uloya kwa zaka zosachepera 10 kuti akhale woweruza ku High Court, zaka 12 ku Court of Appeal, ndi zaka 15 ku Supreme Court. Ku Constitutional Court kumafunika zaka 15 pamodzi ndi maphunziro kapena luso lapadera pa za ufulu wa anthu kapena pa malamulo aakulu a dziko.

Zifukwa zofunira munthu wotere ndi zingapo. Bungweli limaitana mboni, limaunika maumboni ndi kuweruza ngati wantchito wa boma waphwanya lamulo. Zopeza zake zikhoza kutsutsidwa ndi maloya a boma. Wapampando wodziwa malamulo amatha kusiyanitsa mphekesera ndi umboni, ndipo mawu ake amalemera akamalankhula ndi akuluakulu a apolisi kapena a ndende.

Komabe ena amaona vuto pa mfundoyi. Iwo amati kudziwa malamulo sikutanthauza kudziwa mavuto a anthu. Maloya ambiri a zaka 10 kapena 15 pantchito amakhala mu Lusaka ndi m'matauni a ku Copperbelt, kutali ndi alimi a thonje, fodya ndi chimanga a ku Lundazi, Chasefu ndi Lumezi. Mtsogoleri wa mpingo, mphunzitsi kapena womenyera ufulu wa amayi amene wakhala pakati pa anthu zaka zambiri sakwanira pa muyeso wa uweruzi, ngakhale atakhala wolimba mtima chotani. Yankho limene limaperekedwa ndi lakuti mipando ya makomishonala enawo ndiyo iyenera kubweretsa mawu a anthu otere m'bungweli.

Njira ya kasankhidwe

Kasankhidwe kamayambira ku State House. Mtsogoleri wa dziko amasankha munthu ndi kutumiza dzina lake ku Nyumba ya Malamulo. Posankhapo amamangidwa ndi ndime 259, imene ikunena kuti wosankha anthu pa maudindo a boma aonetsetse kuti wosankhidwayo ali ndi zomuyenereza, kuti amayi ndi abambo akhale chiwerengero chofanana pokhapokha ngati nzosatheka, kuti achinyamata ndi olumala asasiyidwe, ndiponso kuti zigawo zosiyanasiyana za dziko zioneke pa maudindowo.

Dzina likafika ku Nyumba ya Malamulo, Sipikala amakhazikitsa komiti yapadera ya aphungu ochokera ku zipani zosiyanasiyana. Komitiyi imaitana mabungwe a boma ofufuza mbiri ya munthu, monga apolisi, Anti-Corruption Commission ndi Drug Enforcement Commission, kuti anene ngati ali ndi mlandu uliwonse wokhudza wosankhidwayo. Imaitananso mabungwe omwe si a boma, monga la maloya la Law Association of Zambia ndi lolimbana ndi ziphuphu la Transparency International Zambia, kuti apereke maganizo awo. Wosankhidwayo amaonekera yekha pamaso pa komitiyo ndi kuyankha mafunso okhudza maphunziro ake, ntchito zimene wagwirapo ndi mmene akuonera udindowo.

Komiti ikamaliza imalemba lipoti lonena ngati munthuyo avomerezedwe kapena ayi. Lipotilo limakambidwa m'Nyumba yonse ndipo aphungu amagamula. Akavomereza, wosankhidwayo amalumbiritsidwa ndi kuyamba ntchito.

Komiti yotere ili ndi mphamvu yokana. M'chaka cha 2013 komiti ya aphungu sinavomereze dzina la mayi Lombe Chibesakunda pa udindo wa mkulu wa oweruza milandu onse m'dziko, chifukwa anali atapitirira zaka zopumira pantchito, ndipo iwo anangokhala wogwirizira udindowo kufikira 2015. Ngakhale zili choncho, chipani cholamula chikakhala ndi aphungu ambiri, mayina ochokera ku State House kawirikawiri amadutsa mosavuta. Aphungu amangoyankha kuti inde kapena ayi pa dzina limene alandira. Sangabweretse dzina lawolawo.

Apa pali kusiyana ndi maudindo ena. Posankha oweruza milandu, komanso posankha Public Protector amene amafufuza madandaulo a kusayendetsa bwino ntchito m'maofesi a boma, malamulo aakulu amafuna kuti bungwe la Judicial Service Commission liyambe lapereka dzina kwa mtsogoleri wa dziko. Lamulo la 1996 silinaike sitepe yotere pa wapampando wa Human Rights Commission, ndiponso silinalamule kuti mpandowo ulengezedwe m'manyuzipepala kuti ofuna apikisane.

Kutalika kwa udindo ndi kuchotsedwa

Pansi pa lamulo la 1996 komishonala aliyense, kuphatikizapo wapampando, ankakhala paudindo kwa zaka zosapitirira 3, ndipo nthawiyo inkatha kuonjezeredwa. Ankatha kutula pansi udindo yekha, kapena kuchotsedwa chifukwa cholephera ntchito kaamba ka matenda, kusadziwa ntchito, kapena khalidwe loipa.

Akatswiri amaiona nkhani ya zaka kukhala yofunika mofanana ndi ya kasankhidwe. Mtsogoleri wa dziko amalamula zaka 5. Wapampando wa zaka 3 amene akufuna kupitiriza ntchito kawirikawiri amayembekezera chisomo cha mtsogoleri yemweyo amene boma lake akulifufuza. Woweruza milandu alibe nkhawa yotere, chifukwa ndime 142 imamulola kukhala paudindo kufikira zaka 70 zakubadwa, ndipo sangachotsedwe popanda kufufuzidwa ndi Judicial Complaints Commission.

Chuma nacho chimamanga kapena kumasula manja a wapampando. Ndime 238 ikunena kuti bungwe lotere lidziyendetsere lokha ndalama zake, lizikambirana mwachindunji ndi unduna wa zachuma, ndipo lipatsidwe ndalama zokwanira chaka chilichonse. Popanda galimoto ndi mafuta, wofufuza wa ku Chipata sangafike ku Lundazi, ngakhale wapampando atakhala wolungama.

Amene akhalapo pampandowu

Wapampando woyamba anali mayi Lombe Chibesakunda, woweruza milandu, amene anayamba ntchito m'chaka cha 1997. Mayeso aakulu anafika chaka chomwecho. Pa 28 Okutobala 1997 asilikali ena motsogozedwa ndi Captain Stephen Lungu, wodziwika ndi dzina loti Captain Solo, analanda nyumba ya wailesi mu Lusaka ndi kulengeza kuti alanda boma. Chiwembucho chinalephereka patangopita maola ochepa, ndipo asilikali ambiri ndi andale ena anamangidwa. M'chaka cha 1998 bungweli linalengeza kuti lapeza umboni woti ena mwa omangidwawo anazunzidwa, ndipo linalangiza kuti apolisi okhudzidwa alangidwe. Boma linakhazikitsa komiti ina yofufuza nkhani yomweyo motsogozedwa ndi woweruza milandu, a Japhet Banda. Nkhaniyi inaonetsa zinthu ziwiri: bungweli likhoza kunena choonadi chowawa kwa boma limene linalikhazikitsa, koma kukwaniritsa malangizo ake kumadalira maofesi ena.

A Mumba Malila anatsogolera bungweli kuyambira 2004 kufikira 2006, pamene anasankhidwa kukhala mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo. Anatumikiranso m'bungwe loona za ufulu wa anthu mu Africa la African Commission on Human and Peoples' Rights, ndipo mu Disembala 2021 anakhala mkulu wa oweruza milandu onse mu Zambia. Pambuyo pawo panabwera mayi Pixie Yangailo, amene kenaka anakhala woweruza ku High Court. A Mudford Mwandenga anatsatira, ndipo m'chaka cha 2023 anasankhidwa kukhala woweruza ku Constitutional Court. M'zaka za 2024 ndi 2025 mpandowu unali m'manja mwa Dr Pamela Towela Sambo, mphunzitsi wa zamalamulo wochokera pa University of Zambia.

Anthu asanu onsewa ndi akatswiri a zamalamulo, ndipo atatu mwa iwo ndi amayi. Angapo atachoka pampandowu anakwezedwa pa maudindo ena aakulu amene wosankha wake ndi mtsogoleri wa dziko. Ena amaona izi ngati umboni woti mpandowu umapatsidwa kwa anthu a luso lenileni. Ena amachenjeza kuti chiyembekezo cha kukwezedwa chikhoza kufewetsa lilime la wapampando aliyense, choncho ndi bwino kuti lamulo limuteteze m'malo modalira kulimba mtima kwake kokha.

Muyeso wa mayiko onse

Mabungwe oona za ufulu wa anthu m'mayiko onse amayesedwa ndi mfundo zotchedwa Paris Principles. Mfundozi zinakonzedwa pa msonkhano wa mu mzinda wa Paris m'chaka cha 1991, ndipo msonkhano waukulu wa United Nations unazivomereza pa 20 Disembala 1993. Zimafuna kuti bungwe likhazikitsidwe ndi lamulo, likhale ndi udindo wotakata, likhale loima palokha, lipatsidwe ndalama zokwanira, mamembala ake achokere m'magulu osiyanasiyana a anthu, ndipo nthawi ya udindo wawo ilembedwe momveka.

Mgwirizano wa mabungwewa wa GANHRI umaunika bungwe lililonse pakapita zaka 5. Lokwaniritsa mfundo zonse limapatsidwa giredi A, imene imalilola kulankhula pa misonkhano ya Human Rights Council ku Geneva. Bungwe la Zambia lakhala likupatsidwa giredi imeneyi. Pa nkhani ya kasankhidwe, ounikawo amafuna zinthu zomwezo ku dziko lililonse: mipando ilengezedwe poyera, anthu ambiri apatsidwe mwayi wofunsira, mabungwe a anthu afunsidwe maganizo, ofunsira ayesedwe pa muyeso wodziwika kwa onse, ndipo wosankhidwa atumikire monga munthu payekha osati monga nthumwi ya gulu limene wachokera. Amafunanso kuti njirayi ilembedwe m'lamulo, isangodalira kukoma mtima kwa olamula a nthawiyo.

Mmene mayiko ena amachitira

Boma la Lundazi lili m'malire ndi dziko la Malawi, ndipo amalonda amadutsa pa chipata cha Lusuntha kupita ndi kuchokera ku Mzimba. Kutsidyako njira yake ndi ina. Malamulo aakulu a Malawi a 1994 ndi lamulo la 1998 amanena kuti mabungwe odziwika pa zoteteza ufulu wa anthu ndiwo apereke mayina. Mkulu wa Law Commission ndi Ombudsman, amene ndi mamembala a bungwelo chifukwa cha maudindo awo, amaunika mayinawo pamodzi ndi kuwatumiza kwa mtsogoleri wa dziko kuti awaike paudindo. Makomishonala osankhidwa motere amakhala 7, amatumikira zaka 3, ndipo wapampando amasankhidwa ndi bungwelo pakati pa makomishonalawo. Lamulo silifuna kuti akhale woyenera uweruzi.

Ku South Africa komiti ya aphungu a zipani zosiyanasiyana ndiyo imafunsa mafunso ofuna udindowu poyera, Nyumba ya Malamulo imavomereza mayina, ndipo mtsogoleri wa dziko amangowaika paudindo, kwa zaka zosapitirira 7. Ku Uganda njira yake ikufanana ndi imene Zambia inayamba nayo: wapampando akhale woweruza wa High Court kapena woyenera udindowo, asankhidwe ndi mtsogoleri wa dziko movomerezedwa ndi aphungu, koma amatumikira zaka 6. Ku India lamulo la 1993 linkafuna munthu amene anakhalapo mkulu wa oweruza onse m'dzikolo. M'chaka cha 2019 linasinthidwa kuti amene anakhalapo woweruza wa Supreme Court nayenso aloledwe. Dzina limaperekedwa ndi komiti ya anthu 6 yotsogozedwa ndi nduna yaikulu, momwe mulinso atsogoleri a otsutsa boma m'nyumba ziwiri za malamulo.

Palibe njira imene ilibe chilema. Kusiyana kwake kuli pa funso limodzi: ndani amatchula dzina poyamba? Ku Zambia ndi ku Uganda ndi mtsogoleri wa dziko, ku South Africa ndi aphungu, ku Malawi ndi mabungwe a anthu, pamene ku India ndi komiti ya atsogoleri a boma ndi otsutsa.

Tanthauzo lake kwa anthu a pa Msika wa Lundazi

Misika ya mu Zambia imayendetsedwa pansi pa lamulo la misika ndi masiteshoni a mabasi, nambala 7 la 2007, limene limapereka udindo woyang'anira misika kwa makhonsolo ndi mabodi okhazikitsidwa mwalamulo. Kwa zaka zambiri m'matauni osiyanasiyana munamveka madandaulo oti anyamata a zipani, amene ambiri amawatcha makada, ankatolera ndalama ndi kugawa malo ogulitsirapo motsata khadi la chipani. M'chaka cha 2021 mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti mchitidwewu uthe. Kumana munthu malo chifukwa cha maganizo ake a ndale ndi tsankho, ndipo dandaulo lotere limafuna bungwe limene wapampando wake saopa chipani chilichonse, cholamula kapena chotsutsa.

Chimodzimodzinso nkhani za apolisi. Ndime 33 ya lamulo la kazengedwe ka milandu ikunena kuti munthu womangidwa popanda chikalata cha khoti, ngati sizitheka kumufikitsa kukhoti m'maola 24, atulutsidwe pa bondi pokhapokha mlandu wake uli waukulu. Bondi ya apolisi salipira. Wogulitsa salaula, kapenta kapena nyemba akatsekeredwa sabata yathunthu, banja lake limagona ndi njala ndipo mpamba wake umatha. Kuyendera zitokosi ndi kunena poyera zimene zapezeka kumeneko ndi ntchito imene imayenda bwino pokhapokha utsogoleri wa bungweli uli womasuka.

Chitetezochi si cha nzika zokha. Malamulo aakulu amapereka maufulu a m'gawo lachitatu kwa munthu aliyense amene ali mu Zambia, kotero wamalonda wochokera ku Malawi nayenso akhoza kudandaula. Kupereka dandaulo ku Human Rights Commission ndi kwaulere, ndipo wosadziwa kulemba akhoza kulifotokoza pakamwa. Dandaulo lokhudza khalidwe la wapolisi likhoza kupitanso ku Police Public Complaints Commission, la kusayendetsa bwino ntchito m'maofesi a boma ku ofesi ya Public Protector, pamene wosowa loya amathandizidwa ndi Legal Aid Board. Bungwe loona za ufulu wa anthu si khoti, ndipo silisintha chigamulo cha woweruza milandu.

Ngakhale munthu wamba savotera wapampando, ali ndi khomo lolowera pa kasankhidwe kake. Phungu wa dera lake ndi mmodzi mwa ovomereza kapena kukana dzina lochokera ku State House, ndipo anthu akhoza kumufikira ku ofesi yake ya m'deralo. Mabungwe oitanidwa ndi komiti yapadera amatenga maganizo kuchokera kwa mamembala awo. Zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo zimaulutsidwa pa wailesi, ndipo malipoti a makomiti ndi a bungweli amaikidwa pa intaneti. Mafunso oyenera kufunsa dzina likalengezedwa ndi omwe ali m'malamulo: kodi munthuyu wakwaniritsa zonse za m'ndime 240, kodi ali ndi mbiri yoteteza anthu wamba, kodi ndi womasuka ku zipani monga ndime 216 ikufunira, ndipo kodi makomishonala anzake akuimira amayi, achinyamata, olumala ndi zigawo zonse za dziko monga ndime 259 ikunenera.